Nyimbo, Bata Kapena Mawu a Munthu: Kuyerekeza Njira Zoyambira Filimu

Mu 1958 kampani ya Universal inatulutsa filimu ya Orson Welles yotchedwa Touch of Evil, yomwe imayamba ndi chithunzi chimodzi chosadukiza chotenga mphindi zoposa 3. Munthu wina amatchera bomba n'kulibisa kumbuyo kwa galimoto, kenako kamera imalondola galimotoyo m'misewu ya tauni ina ya kumalire a Mexico ndi United States mpaka bombalo kuphulika. Akuluakulu a kampaniyo anasanjika mayina a opanga filimu pamwamba pa chithunzicho, n'kuthirapo nyimbo ya Henry Mancini yophimba zonse. Welles anali atalemba kale kalata ya masamba 58 yofotokoza mmene ankafunira kuti filimu yake ionekere ndi kumvekera, koma zambiri mwa zofuna zakezo zinatsatidwa mu 1998, mwini wake atamwalira kale, pamene Walter Murch, katswiri wolumikiza zithunzi ndi mawu a filimu, anaikonzanso motsatira kalatayo. Mayina aja anachotsedwa, ndipo m'malo mwa nyimbo imodzi yophimba zonse munalowa zimene munthu woyenda mumsewuwo angamve: nyimbo zosiyanasiyana zotuluka m'mabala, phokoso la anthu odutsa, komanso wailesi ya m'galimoto yonyamula bomba ija, imene imamveka kwambiri galimoto ikayandikira n'kuzimiririka ikatalikira.

Kayendedwe ka kamera sikanasinthe ngakhale pang'ono, koma woonera amapezeka ali pamalo awiri osiyana. Poyamba paja nyimbo imamukhazika pampando n'kumuuza kuti yayamba nkhani ya zigawenga ndi apolisi, akhazikike aonere. Pachiwiripa amakhala ngati ali mumsewu momwemo, khutu lili tcheru kusaka wailesi ija, popeza akudziwa kuti komwe kukumvekera wailesiyo n'komwe kuli imfa. Aliyense wopanga filimu, kaya yaitali kaya ya mphindi 10, amakumana ndi chisankho chomwechi cha zimene woonera ayambe kumva, ndipo njira zimene angatsate sizifanana mtengo, liwiro ndi ngozi zake.

Woonera safika chimanjamanja. Amabwera ndi mafilimu onse amene anaonerapo, ndipo mafilimuwo anaphunzitsa kale khutu lake zoyenera kuyembekezera. Ngakhale m'masiku a mafilimu opanda mawu, zithunzi zinkaonetsedwa woimba piyano ali pambali, kapena gulu lonse la oimba m'maholo akuluakulu, ndipo chichokereni 1927, pamene The Jazz Singer inatsegula khomo la mafilimu olankhula, mtundu uliwonse wa filimu wakhala ukudziunjikira kamvekedwe kakekake. Zina mwa zimenezi zimachokera m'thupi momwe: phokoso ladzidzidzi limadzidzimutsa aliyense, ndipo kulira kwa besi kogunda pachifuwa kumachititsa munthu kuganizira chinthu chachikulu chimene chikuyandikira. Zina n'zongozolowera basi, monga kumva lipenga lolira lokha n'kuganiza za asilikali, kapena kumva kamwana kakuimba mumdima n'kudziwa kuti zoopsa zili m'njira. Diso lili ndi chikope ndipo limatha kuyang'ana kumbali, pamene khutu lilibe potsekera, n'chifukwa chake nthawi zambiri munthu amakhala ataweruza kale mtundu wa filimu asanamvetse n'komwe chimene chithunzi choyamba chikuonetsa.

Kuyamba ndi nyimbo

Njira yofala kwambiri, yomwenso imafulumira kuposa zina zonse, ndiyo kuyamba ndi nyimbo yopekedwera filimuyo. Star Wars ya mu 1977 imaonetsa mawu ochepa pamdima kuli zii, kenako gulu lonse la oimba limaphulika nthawi imodzi ndi nyimbo ya John Williams, ndipo m'masekondi ochepa woonera amadziwa kuti walowa m'nthano ya ngwazi ndi nkhondo, mmene choyipa ndi chabwino sizidzavuta kusiyanitsa. Mafilimu oopsa amagwiritsa ntchito liwiro lomweli pofuna kuchotsa munthu mtendere. Bernard Herrmann anapeka nyimbo za Psycho ya mu 1960 ndi zoimbira za zingwe zokhazokha, popanda malipenga kapena ng'oma, ndipo mayina a opanga filimu akamadutsa zingwezo zimakhala zikuthamanga kale ngati munthu wothawa, pamene mlandu weniweni usanapalamulidwe. John Carpenter, amene anadzipekera yekha nyimbo ya Halloween mu 1978, anasankha kugunda kwa piyano kowerengera 5 m'malo mwa 4 amene thupi linazolowera, moti womvera amalephera kupeza pogwedezera mutu ndipo kusakhazikika kumeneko kumasanduka mantha.

Chitsanzo chimene chimaphunzitsa zambiri pa njira imeneyi ndi Jaws ya mu 1975, imene anatsogolera Steven Spielberg. Filimuyi imayamba kamera ikuyenda pansi pa nyanja, ndipo manotsi awiri a besi amasinthana, poyamba pang'onopang'ono kenako mofulumira. Chilombo chenichenicho, nsomba yolusa ya shaki, sichioneka, koma kuyambira pamenepo woonera waphunzira lamulo lakuti manotsi awiriwo akamveka ndiye kuti chilombo chili pafupi. Filimuyi imasunga lamulolo mokhulupirika, moti pamene anyamata awiri akuopseza osambira ndi chipsepse chabodza, nyimbo ija simveka, ndipo woonera watcheru amazindikira kuti pali chinyengo. Kenako, lamulo litakhazikika mumtima, shaki imavuuka pafupi ndi boti popanda chenjezo lililonse la nyimbo, ndipo kudzidzimuka kwake kumakula kwambiri chifukwa woonera anali atadalira khutu lake. Apa m'pamene pamaonekera kuti nyimbo ya pachiyambi ingakhale chida chogwira ntchito filimu yonse ngati woipeka ndi wotsogolera agwirizana za tanthauzo lake.

Vuto la njira imeneyi ndi ngongole imene imabwera nayo. Nyimbo yaikulu imalonjeza filimu yaikulu, ndipo akuluakulu anati lonjezo linadulitsa mutu wa Yohane. Zithunzi zotsatira zikalephera kufika pamene nyimbo inakweza mtima, woonera amamva ngati wapusitsidwa, ndipo zimenezi zimaoneka kawirikawiri m'mafilimu a anthu ongoyamba kumene, amene amaika nyimbo yoyenera nkhondo ya mafumu pa chithunzi cha munthu wotsika m'galimoto. Ena amathawira ku nyimbo yotchuka kale, imene imabweretsa msanga nyengo ndi zikumbukiro zake, koma nayonso ili ndi mtengo wake, popeza pamafunika chilolezo cha mwini nyimbo amene anaipeka komanso cha mwini wa chojambulidwa chimene mukufuna kugwiritsa ntchito, ndipo nthawi zambiri amenewa amakhala anthu awiri osiyana. Palinso kachenjerero koika nyimbo yachisangalalo pa chithunzi chomvetsa chisoni, monga mmene WALL-E ya mu 2008 imayambira ndi nyimbo yakale yansangala pamene tikuona dziko litadzaza zinyalala, anthu onse atachokamo. Kachenjereroka kamagwira mtima kakachitika bwino, koma kabwerezedwa kambirimbiri moti woonera wa masiku ano akangomva nyimbo yokoma pamalo achilendo amayamba kale kuyembekezera tsoka.

Kuyamba ndi phokoso la malo

Njira yachiwiri ndiyo kusiya nyimbo n'kulola kuti malo alankhule okha. Sergio Leone anachita zimenezi mu 1968 poyambira Once Upon a Time in the West, ngakhale kuti anali ndi Ennio Morricone, mmodzi wa akatswiri opeka nyimbo za mafilimu odziwika kwambiri a nthawiyo. Kwa mphindi zoposa 10 amuna atatu amadikira sitima pa siteshoni ya kuchipululu, ndipo zimene zimamveka ndi kulira kwa pampu ya madzi yoyendera mphepo, madontho a madzi akugwera pachipewa, ntchentche yovutitsa nkhope ya mmodzi wa iwo, makina otumizira uthenga akugogoda mpaka wina kuwazula mawaya, ndi wina akuliza mfundo za zala zake. Oonera mafilimu a anyamata a pahatchi ndi mfuti anali atazolowera kuti zinthu ziyambe ndi nyimbo yamphamvu ndi liwiro la mahatchi, choncho kudikira kumeneku kunkawatembenuzira chizolowezi chawo chomwe: aliyense akudziwa kuti mfuti ilira, koma palibe akudziwa nthawi yake, ndipo dontho lililonse la madzi limasanduka wotchi. Sitima ikafika ndi mkokomo wake, kenako n'kumveka kachitoliro ka pakamwa ka mlendo, khutu limakhala litanoledwa kale moti manotsi ochepawo amalemera kuposa gulu lonse la oimba.

M'pofunika kunena kuti bata la mufilimu si kusowa kwa mawu. Kanema akangoti zii kotheratu, woonera amaganiza kuti masipika awonongeka. Akatswiri amajambula kamvekedwe ka chipinda chopanda munthu kuti akhale ndi choyala pansi pa zonse, ndipo mapazi, zovala zokhulana, chitseko ndi kapu yoikidwa patebulo zimajambulidwa padera mu situdiyo, luso lomwe limadziwika ndi dzina la Jack Foley, amene ankagwira ntchito imeneyi ku Universal. Choncho njirayi imapulumutsa ndalama za oimba ndi ziphaso, koma imadya nthawi ndi chidwi, chifukwa phokoso lililonse limamveka poyera ndipo cholakwika chilibe pobisala. Kwa ine, iyi ndiyo njira yopindulitsa kwambiri kwa wopanga filimu wa ndalama zochepa amene ali ndi khutu labwino, popeza imakopa woonera kuti asendere pafupi m'malo momukankhira maganizo okonzeratu. Imayenera mafilimu oopsa, a upandu ndi a nkhani za moyo weniweni. Pa filimu yoseketsa ndi yovuta, chifukwa anthu saseka asanapatsidwe chizindikiro chakuti kuseka n'kololedwa.

Mdima, ndiponso mawu a wofotokoza

Pakati pa njira ziwirizi pali ina yosachedwa kufotokoza, yomwe ndi kulola mawu kutsogola chithunzi chisanaoneke. The Godfather ya mu 1972 imayamba ndi lipenga lolira lokha pamdima, kenako mawu a munthu wachikulire, ndipo pambuyo pake m'pamene nkhope yake imatulukira, kamera n'kumabwerera m'mbuyo pang'onopang'ono. Munthuyo, yemwe ntchito yake ndi yokonza maliro, wabwera kudzadandaula za mwana wake wamkazi amene anavulazidwa. Filimu ya zigawenga ikanatha kuyamba ndi mfuti, koma iyi imayamba ndi pempho, ndipo potero imatiuza kuti nkhani yake ndi ya ulamuliro, ulemu ndi ngongole za pakati pa anthu. The Zone of Interest ya mu 2023 inafika patali kuposa apa posiya woonera mumdima kwa mphindi zingapo akungomva nyimbo yachilendo, pofuna kumuphunzitsa kumvetsera, popeza nkhani yake ndi ya banja la mkulu wa ndende ya Auschwitz, kumene a Nazi a ku Germany ankapherako anthu, lokhala kuseri kwa mpanda, ndipo nkhanza za kuseriko zimangomveka, sizionetsedwa. Filimuyi inapata mphoto ya Oscar ya kamvekedwe mu 2024. Koma mdima wautali chonchi umafuna holo yotsekedwa zitseko, chifukwa munthu woonera kunyumba amayamba kugwedeza rimoti masekondi 20 asanathe.

Mawu a wofotokoza nkhani, amene amalankhula iye osaoneka, ndi njira imene anthu amakangana nayo kwambiri. Ubwino wake ndi woonekeratu: m'masentensi ochepa mungauze woonera chaka, malo, ndi mwini nkhani, zinthu zimene zikanafuna zithunzi zambiri zodula. Mafilimu a upandu a ku America a m'ma 1940 anaizoloweretsa anthu, moti mawu otopa a mwamuna wokumbukira zimene zinamugwera amadziwitsa okha kuti nkhaniyi sithera bwino. Billy Wilder anaifikitsa pachimake mu Sunset Boulevard ya mu 1950, yomwe imayamba apolisi akuthamangira kunyumba ina kumene mtembo ukuyandama m'dziwe losambiramo, ndipo wofotokoza nkhaniyo ndi mwini mtembowo. Pamenepa mawu a wofotokoza akuchita ntchito imene chithunzi pachokha sichingathe, ndipo muyezo woyenera wa njirayi ndi umenewu.

Mbali yake yoipa imaoneka pamene mawuwo aikidwa ngati chigamba. Blade Runner ya mu 1982 inaonetsedwa koyamba kwa anthu ochepa pofuna kumva maganizo awo, ndipo ambiri atasokonezeka, eni ndalama anafuna kuti muikidwe mawu a Harrison Ford, yemwe ankasewera ngati mwini nkhani, ofotokoza zimene zikuchitika. Mu 1992 filimuyi inatulukanso mawuwo atachotsedwa, ndipo oonera anapeza kuti mzinda wamdima ndi wamvula uja unkalankhula mokwanira pawokha. Wofotokoza amene akungobwereza zimene maso akuona amachititsa ulesi khutu ndi diso lomwe, ndipo amaonetsa kuti opanga filimu sakhulupirira nzeru za owaonera. Njirayi imakhala ndi moyo ngati wolankhulayo ali ndi khalidwe lake, ngati akudziwa zimene ife sitikudziwa, kapena ngati pali chifukwa chomukayikira.

Palinso njira ina: mafilimu a nkhondo, akazitape ndi kuthamangitsana amakonda kuponya woonera pakati pa zochitika popanda moni. Mafilimu a James Bond anakhazikitsa mwambo wake msanga: Dr. No ya mu 1962 inabweretsa chithunzi cha munthu woonedwa kudzera mumpope wa mfuti, ndipo From Russia with Love ya mu 1963 inayamba chizolowezi choonetsa kachigawo ka zochitika mayina asanadutse. Woonera amalandira zimene analipirira nthawi yomweyo, koma filimu yoyamba pamwamba chonchi imavutika kupeza pokwerera pambuyo pake, ndipo phokoso likakhala lalikulu kuyambira sekondi yoyamba khutu limachita dzanzi. Scream ya mu 1996 inapeza njira yochenjera yogwiritsa ntchito chizolowezi cha oonera ngati msampha: foni imalira m'nyumba yabata usiku, woimbayo amacheza mwaulemu za mafilimu oopsa, ndipo Drew Barrymore, yemwe anali wodziwika kuposa anzake onse mufilimuyo moti aliyense ankayesa kuti ndiye mwini nkhani, amaphedwa chigawo choyamba chisanathe.

Sikuti njirazi zimakana kusakanizidwa. Apocalypse Now ya mu 1979 imayamba ndi kulira kwa mapiko a helikopita kozungulira pamdima, kenako nyimbo ya gulu la The Doors pamene nkhalango ikuyaka, ndipo kulira kwa helikopita kuja kumadzalumikizana ndi fani yozungulira kudenga la chipinda cha hotela mumzinda wa Saigon ku Vietnam, mmene msilikali wagona chagada. Apa phokoso la malo lasanduka phokoso la m'mutu mwa munthu, ndipo woonera amamvetsa popanda womuuza kuti msilikaliyu thupi lake linachoka kunkhondo koma maganizo ake anatsalira komweko. Amene anakonza kamvekedwe kameneka ndi Walter Murch yemwe uja, ndipo ntchitoyo inamupezera mphoto ya Oscar.

Poyeza njirazi

Funso loyamba ndi la mtundu wa filimu, chifukwa ndi umene umatiuza zimene woonera wabwera nazo. Pamene chizolowezi chili cholimba, monga m'mafilimu oopsa ndi a mfuti, wopanga filimu ali ndi mwayi wochitsatira kapena kuchitembenuza, ndipo zonse ziwiri zimamveka. Pamene nkhani ndi yosakanikirana, yoseketsa pang'ono ndi yomvetsa chisoni pang'ono, nyimbo kapena mawu a wofotokoza zimathandiza kuti munthu asasochere, popeza bata likhoza kumupangitsa kuyembekezera chilombo chimene kulibe. Kutembenuza chizolowezi kumafuna kuti woonera achidziwe kaye, ndipo msampha wa Scream sukanakola munthu amene sanaonerepo filimu yoopsa.

Funso lachiwiri, limene opanga mafilimu ambiri amalinyalanyaza, ndi la malo amene filimuyo idzaonedwere. M'holo munthu walipira tikiti, magetsi azimitsidwa, ndipo masipika akuluakulu amatulutsa besi yogwedeza mpando pamodzi ndi kaphokoso ka ntchentche. Woonera wotereyu akhoza kudikira mphindi 10, pozindikira kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Pafoni kapena pa kompyuta ya m'manja kasipika kakang'ono kamataya mawu a besi pafupifupi onse, phokoso la m'nyumba limameza timawu tofewa, ndipo filimu ina ili pafupi ndi chala. Manotsi awiri a Jaws amafooka kwambiri pafoni yopanda mahedifoni, pamene mawu a munthu, kulira kwa foni ndi piyano zimadutsa bwinobwino, popeza zili pakatikati pa zimene khutu limamva mosavuta. Choncho filimu yolinga oonera a pa intaneti imapindula ndi chiyambi chodalira mawu a munthu kapena phokoso limodzi lomveka bwino, ndipo ngati mwasankha bata, n'kwanzeru kulifupikitsa n'kuikamo chinthu chimodzi chobwerezabwereza chimene khutu lingagwire.

Pali kayezedwe kosavuta kamene kangathandize musanatsimikize chisankho. Pezani munthu amene sakudziwa chilichonse za filimu yanu, mumumvetsere mphindi 2 zoyambirira chithunzi chitaphimbidwa, kenako mumufunse mtundu wa filimu imene akuganiza kuti yayamba komanso munthu amene akumudera nkhawa. Mukatero muonetseni zithunzi zomwezo mawu atazimitsidwa, n'kumufunsanso mafunso omwewo. Mayankho awiriwo akafanana ndendende, ndiye kuti mawu akungobwereza ntchito ya chithunzi, ndipo mukhoza kuchotsa nyimbo kapena wofotokoza popanda kutaya kanthu. Akasiyana kwambiri, dzifunseni ngati kusiyanako munakukonza dala, monga nyimbo yansangala pa dziko la zinyalala ija, kapena kwangochitika mwangozi. Kayezedweka muzikachita kawiri, koyamba ndi masipika abwino, kachiwiri ndi foni wamba m'chipinda chimene muli anthu ena akucheza.